Loweruka lonse ndinalitaya poyeza masipika ndi foni, vuto lili pa kava

Ndamaliza. Masipika a pabalaza panga tsopano akumveka bwino, koma ndikulemba izi mtima usanaphwe, kuti wina asadzatayenso tsiku lathunthu ngati ine.

Vuto langa linali besi. Nyimbo ikangofika pa noti inayake yotsika, chipinda chonse chimangoti guuu, magalasi a kabati n'kumanjenjemera, pomwe manoti ena oyandikana nayo amazimiririka ngati woimba gitala ya besi watuluka kaye panja. Kwa miyezi ingapo ndinkanena subwoofer, sipika ya besi ija, kuti ndi yachabechabe. Ndinkainamizira, cholakwa chinali chipinda. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndiye akagunda khoma n'kubwerera amakumana ndi anzawo amene akubwera. Malo ena amaphatikizana n'kukula, malo ena amafafanizana n'kuzima. Masamu ake ndi osavuta: wirikizani kawiri kutalika kwa chipinda, kenako mugawe 343 ndi nambala imeneyo, mupeza noti imene chipinda chimaikuza kapena kuizimitsa, mu Hz (kuchuluka kwa mafunde a mawu pa sekondi; nambala yaing'ono ndi mawu otsika). Pabalaza panga ndi mamita 5 mulitali, 4 mulifupi. Mulitali mumatuluka pafupifupi 34 Hz ndi mnzake wowirikiza pafupifupi 69 Hz, mulifupi 43 Hz. Manambala awa muwasunge, tikumana nawonso.

Za kulumikiza foni ndi ampulifaya pa Wi-Fi sindinena, aliyense angathe. Ntchito yoyeza chipinda ndi foni imayenda motere: pulogalamu ya pa foni imaliza mluzu m'masipika, woyambira pansi pa 20 Hz n'kukwera mpaka 20,000 Hz, maikolofoni ya foni imamvetsera, kenako pulogalamu imajambula mzere wosonyeza pamene mawu akuchuluka ndi pamene akuchepa, n'kuuza ampulifaya kuti apa tsitsa, apa kweza. Ukamawerenga zimaoneka ngati za mphindi zisanu.

Tiyambe ndi chimene chinandipsetsa mtima kwambiri. Pulogalamu imene ampulifaya yanga imafuna ndi yogula. Sinditchula dzina la kampani. Ndinalipira Lachisanu madzulo, ndinaitsegula, ndinalembetsa imelo, ndinavomera malamulo awo aatali aja, ndipo nditadina batani loyambira kuyeza m'pamene panatuluka kauthenga kakuti foni yanga siili pa mndandanda wa mafoni amene anawayesa, choncho zotsatira sangazitsimikize. Ndinangoti kakasi. Bwanji osanena zimenezi munthu asanalipire? Mndandandawo ulipo ndithu, koma anaubisa pansi penipeni pa tsamba lina lothandizira, tizilembo take tating'ono ngati nyerere. Ndinawalembera kupempha kuti andibwezere ndalama. Yankho linabwera pa mphindi imodzi, lolembedwa ndi makina, londithokoza chifukwa chosankha katundu wawo. Ndinalembanso. Linabwera lomwe lija, ndi ulalo wopita ku tsamba la mndandanda lomwe lija. Kachitatu anandiyankha munthu, amene anandifunsa ngati ndayesa kuzimitsa foni n'kuiyatsanso. Apa ndinaika foni pansi mwaulemu, chifukwa ndikanaigwirabe ikanakumana ndi khoma.

Chifukwa chake chokhalira ndi mndandanda ndimachimvetsa, sindikutsutsa. Maikolofoni ya foni anaipangira kulankhula. Kuti pulogalamu iyeze chipinda, iyenera kudziwa kaye zofooka za maikolofoniyo n'kuzichotsera pa zimene yamva. Mitundu ya iPhone ndi yochepa, munthu angathe kuiyesa yonse umodziumodzi. Mafoni a Android alipo mitundu masauzande, uliwonse ndi maikolofoni yakeyake komanso kabowo kake pamalo ake. N'chifukwa chake ngakhale kampani ya masipika ya Sonos, pamene inatulutsa Trueplay, njira yake yoyezera chipinda ndi foni, mu 2015, inaiika pa iPhone ndi iPad basi. Zonsezo n'zomveka. Chimene sindimva n'kulandira ndalama kaye kenako n'kunena.

Pansi pa kauthenga kaja panali mwayi wopitiriza basi. Ndinapitiriza, poti ndalama zinali zitapita kale. Musachite zimenezi. Foni yambiri imadula mawu otsika kwambiri kuti mphepo ndi kugwedezeka kwa dzanja zisamamveke pa lamya, imadzichepetsera yokha mphamvu ikamva phokoso lalikulu, ndipo ina imatenga mluzu woyezera uja ngati phokoso loyenera kufafanizidwa. Kuyambira pa Android 7.0 pali njira yoti pulogalamu ipemphe mawu osakonzedwa, koma si foni iliyonse imene imalola. Yanga sinalole. Inauza pulogalamu kuti m'chipinda mulibe besi pansi pa 60 Hz, pulogalamu n'kukhulupirira, n'kukweza besi imene inali kale yosefukira. Nditaika nyimbo, subwoofer inalira ngati ikung'ambika. Ndinathamangira voliyumu.

Loweruka m'mawa ndinabwereka iPhone kwa alamu anga. Anaisiya n'kupita kokayenda, akuti aitenga madzulo. Apa ndiye panayambira tsiku lotayika lija.

Kuyeza koyamba kunatha bwinobwino, mzere unatuluka, ndinadina kuti zokonzazo zilowe mu ampulifaya. Besi inachepako, inde, koma mawu okwera anali oboola m'makutu. Woimba akatchula "s" zimakhala ngati wina akung'amba pepala pafupi ndi khutu. Ndinayezanso. Chimodzimodzi. Ndinaganiza kuti mwina ndi makatani, ndinawatseka. Ndinawatsegula. Ndinachotsa tebulo la galasi pakati. Ndinakulunga kapeti, ndinaiyalanso. Ndinasinthanitsa mawaya a masipika. Nthawi iliyonse mzere umasonyeza kuti kuyambira cha pa 5,000 Hz kupita m'mwamba mawu akugwa ngati phompho, ndipo pulogalamu imayesetsa kukwirira phompholo pokweza. Ndinafika poganiza kuti timasipika tating'ono ta mawu okwera tinapsa dzulo lake, ndinakaika khutu pa kamodzikamodzi, tonse tikulira bwinobwino. Ndinayeza ka 11. Mluzu umenewo ukaumva ka 11 umalowa m'mafupa. Galu anachoka m'nyumba yekha. Akazi anga anasuzumira kawiri, kachitatu anangoti, "Kodi bambo, chimenechi chikhala chikulira mpaka liti?" Ndinalibe yankho.

Alamu anafika cha m'ma 5 koloko, anandipeza nditakhala pansi pakati pa mawaya. Anayang'ana foni yawo m'dzanja langa n'kufunsa, "Alamu, kava mwachotsa koma?"

Ndinali ndisanachotse. Inali kava yokhuthala ya labala, ya anthu ogwetsagwetsa foni ija, ndipo kabowo ka maikolofoni kanali mkati mwa kamphako kakuya, kodzaza ndi timaulusi ta m'thumba. Mawu otsika amadutsa mosavuta pa zinthu zotere, koma okwera amatsekeka. Tsiku lonse ndinkayeza kava ya alamu anga, osati chipinda. Tinaivula, tinapukuta kabowo ndi kaburashi kofewa, tinayezanso, phompho lija linasowa. Safunsa anadya phula, ndipo malangizo a pulogalamu ananenadi zochotsa kava, pa chithunzi chachiwiri chimene ndinachidumpha mothamanga ndili ndi mkwiyo wa ndalama zija. Chotsani kava. Musanachite china chilichonse, chotsani kava.

Ndaiwala kunena za phokoso. M'mawa muja maulendo awiri oyamba anasokonezedwanso ndi firiji, imene ili kuseri kwa khoma la pabalaza. Khutu linaizolowera, silimaimva, koma maikolofoni imaimva, ndipo kung'ung'udza kwake kumagwera m'dera la besi lomwelo limene mukufuna kuyeza. Izimitseni kwa mphindi khumi, pamodzi ndi fani, ndipo mutseke mawindo. Mukumbukire kuiyatsanso. Ine ndinakumbukira usiku.

Kagwiridwe ka foni nakonso. Maikolofoni yaikulu ili kumunsi, pafupi ndi potchajira, ndiye mapulogalamu ambiri amakuuzani kuitembenuza kuti kumunsiko kuloze m'mwamba kapena ku masipika. Tsatirani zimene yanu ikunena, ndipo chala chisatseke kabowo. Ikhale pa msinkhu wa makutu a munthu atakhala pansi, osati pa msinkhu wanu mutaimirira. Musaigoneke pa khushoni kapena kuitsamiritsa pa msana wa sofa, chifukwa nsalu imameza mawu okwera ndipo mubwerera ku vuto la kava lomwe lija. Inunso musaime pakati pa sipika ndi foni. Ndipo musayeze malo amodzi okha. Mukasuntha foni masentimita 20 okha mzere wa mawu okwera umasintha, choncho yezani malo angapo ozungulira pamene pamakhala mutu, pulogalamu iwaphatikize.

Kava itachoka, zoona za chipinda zinaonekera, ndipo zinagwirizana ndi masamu aja mochititsa mantha. Panali phiri lalitali pa 69 Hz, lina pa 34 Hz, ndi dzenje lakuya cha pa 43 Hz. Mapiri awiriwo anabwera chifukwa sofa inali yotsamira khoma lakumbuyo, ndipo pa khoma m'pamene mafunde onse a mulitali amakhala ndi mphamvu zonse. Dzenje linabwera chifukwa ndimakhala pakatikati penipeni pa mulifupi, pomwe funde la 43 Hz limadzifafaniza lokha.

Apa pali chinthu chimene pulogalamu sinandiuze koma n'chofunika kuposa zonse. Phiri mungathe kulidula, dzenje simungalikwirire. Pulogalamu inafuna kukweza 43 Hz ndi 9 dB (dB ndi muyeso wa kukula kwa mawu). Kukweza ndi 3 dB kumafuna mphamvu yowirikiza kawiri kuchokera ku ampulifaya, 6 dB kanayi, 9 dB kasanu n'katatu. Ndipo mphamvu yonseyo ingopita pachabe, chifukwa mukakweza funde lopita mwakwezanso lobwerera, awiriwo n'kufafanizana monga kale. Chimene mungapindule ndi sipika yotentha, komanso besi yogontha m'makutu kwa amene wakhala pambali pafupi ndi khoma. Ndinalowa m'makonzedwe n'kuika malire akuti isakweze chilichonse kupitirira 3 dB. Dzenjelo tinalichepetsa ndi manja: tinakankha sofa pafupifupi mita imodzi kuchoka ku khoma lakumbuyo, ndi theka la mita chakumbali. Phiri la 69 Hz linatsika lokha kwambiri pulogalamu isanakhudze kanthu, dzenje nalo linakhala losaya. Kukambirana ndi akazi anga za sofa yoima pamalo achilendo kunatenga nthawi yaitali kuposa kuyeza kwake, ndipo nkhaniyo sinatheretu.

China chimene ndinasintha ndi malire a kumtunda. Pulogalamu imafuna kukonza zonse mpaka 20,000 Hz. Ndinaiimitsa pa 300 Hz. Wasayansi wa ku Germany, Manfred Schroeder, anasonyeza kuti chipinda chilichonse chili ndi malire amene pansi pake mawu amalamulidwa ndi mafunde ophatikizana ndi kufafanizana aja, ndipo m'zipinda za m'nyumba malirewo kawirikawiri amakhala pakati pa 100 ndi 300 Hz. Pamwamba pake zimene mukumva ndi khalidwe la sipika lenilenilo pamodzi ndi mawu obwerera kuchokera ku makoma, ndipo kumeneko n'kumene maikolofoni ya foni imanama kwambiri. Ngati munagula masipika chifukwa munakonda kamvekedwe kake, musalole foni kuwasintha khalidwe. Ndikanadziwa zimenezi m'mawa, ngakhale kava ija sikanandizunza choncho, chifukwa pulogalamu sikanakhudza n'komwe mawu okwera. Komabe chotsani kava.

Musathamangirenso mzere wowongoka kuti mbee. Ndinauyesa, nyimbo zinakhala zowuma, zopanda thupi. Kafukufuku wa akatswiri a mawu Floyd Toole ndi Sean Olive ku kampani ya masipika ya Harman anasonyeza kuti anthu ambiri amakonda mzere wopendekeka, besi ili pamwamba pang'ono, n'kumatsika pang'onopang'ono kupita ku mawu okwera. Ndinasankha wotero, ndinasiya malire a pakati pa subwoofer ndi masipika pa 80 Hz, ndinayeza komaliza kuti nditsimikize. Kenako ndinaika nyimbo imene ndimaidziwa bwino, ya besi yoyenda noti ndi noti, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva manoti onse ali ofanana mphamvu. Kabati inakhala chete.

Kodi foni ndi yokwanira? Pa ntchito yodula mapiri a besi, kwa ine inakwanira. Patapita sabata mnzanga wina anabwera ndi laputopu yokhala ndi REW, pulogalamu yaulere ya Room EQ Wizard, ndi maikolofoni yoyezera ya UMIK-1, imene iliyonse imabwera ndi fayilo yakeyake yokonza zofooka zake. Mapiri anawapeza pamalo omwe foni inawapeza. Zinasiyana ndi pansi penipeni pa besi komanso kumtunda kwenikweni, kumene ndinali nditaletsa kale foni kulowererako. Amene akufuna kukonza mpaka kumtunda, kapena kugwirizanitsa ma subwoofer awiri, agule maikolofoni yeniyeni. Amene akungofuna kuti guuu uja athe, foni ya pa mndandanda, yovula kava, m'chipinda cha zii, imugwirira ntchito. Koma aone mndandandawo asanalipire.

Ndalama za pulogalamu ija sizinabwerere. Dzulo kampaniyo yanditumizira uthenga wopempha kuti ndipereke nyenyezi zosonyeza mmene ndakhutirira ndi thandizo lawo.