Kuyezetsa michere ya m'mitengo ya ku Knysna: musapereke masamba Lachisanu

Zotsatira zafika, mtima wakhala pansi. Ndilembe zikadali m'mutu, mwina wina wophunzira zankhalango kuno ku South Africa apindula.

Ndinkafuna kudziwa komwe mtengo umasunga michere yake: m'masamba, m'khungwa, m'thunthu kapena m'mizu. Ndinasankha yellowwood, stinkwood ndi ironwood za m'nkhalango ya Knysna. Yambani ndi chilolezo, ndipo pemphani kukadali nthawi. Yellowwood ndi stinkwood ndi mitengo yotetezedwa ndi lamulo, simungangofika n'kuyamba kusenda khungwa.

Masamba muthyole okhwima, akumwamba komwe kumawomba dzuwa. Mitengoyi siyoyola masamba onse pakamodzi, amagwa pang'onopang'ono, ndiye muyenera kutchera timaukonde pansi pake kuti mupeze ongogwa kumene. Ogwawo ndi ofunika kwambiri. Tsamba lisanathothoke, mtengo umayamba wabweza pafupifupi theka la michere ya nayitirojeni ndi fosifolasi n'kusunga m'nthambi ndi m'khungwa. Kashiyamu sabwerera, amagwa nalo limodzi tsambalo.

Ikani m'timatumba ta pepala. Osati m'majumbo. Ku Knysna mvula imagwa chaka chonse, masamba amachoka m'nkhalango ali lendelende ndi chinyezi.

Tsono nayi nkhani yomwe ikundiwawabe. Ndinapereka timatumba tanga ku labu ina Lachisanu masana, tolembedwa bwinobwino, n'kulipira pomwepo. Mayi wa pa kauntala anati, "Ndalama sizinaonekebe, tiyamba zikalowa." Ndinachonderera: "Mayi, chonde ingoikani mu uvuni kuti aume, zinazo tikambirana Lolemba." Anangogwedeza mutu, ine n'kumayesa avomera. Lolemba ndinapeza timatumba tonse atatiunjika m'bokosi lapulasitiki, chivindikiro chili thi, pafupi ndi zenera. Nditatsegula, fungo lokha linandiuza. Masamba a stinkwood anali atamera chuku choyera, ena atada n'kumatana. Masamba otere sangakupatseni zoona, chifukwa akhala atayamba kale kuwola. Palibe anapepesa. Akuti lamulo lawo n'lomwelo. Ulendo wina wa kunkhalango, mafuta ena, kudikiranso kuti maukonde adzaze, zonse chifukwa cha chivindikiro.

Ndinaiwala kunena za kutsuka. Mukafuna kuchotsa fumbi, ingotsukuluzani mwachangu, osaviika, chifukwa potaziyamu sachedwa kutuluka ndi madzi.

Ulendo wachiwiri ndinaumitsa ndekha ndisanapereke. Uvuni ukhale pa madigiri 60 mpaka 70, masiku awiri kapena atatu, mpaka kulemera kusiye kutsika. Wina akati tiike pa 105 limodzi ndi dothi kuti ziume msanga, kanani. Kenako kupera n'kusefa. Funsaninso ku labu ndalama zolipira musanasaine, poti nayitirojeni amayezedwa payekha ndipo amalipiritsa padera.

Manambala ochokera ku labu anandisangalatsa. Masamba ndiwo anali ndi michere yambiri pa galamu iliyonse, khungwa linadzaza kashiyamu, pomwe pakati pa thunthu panali tochepa zedi. Koma musalipeputse thunthu: mukawerengera kulemera kwake konse, nkhokwe yaikulu ili momwemo. Masamba ogwa anali atatsala ndi fosifolasi wochepa, ndipo sizodabwitsa, dothi la kumeneko n'losauka ndipo mitengoyi simwaza chomwe yapeza movutikira.

Mizu sindinathane nayo, ikudikira ndalama. Nayonso ili m'timatumba ta pepala, youma kale, ndipo ndikaipereka Lolemba m'mawa, lisiti lili m'manja.