Ya Mtukula Pakhomo yatuluka

Ndangotsitsa foni kumene ndi agogo kumudzi, akuti dzulo alandira ndalama ya Mtukula Pakhomo, ija boma limapereka kwa mabanja ovutikitsitsa, chimwemwe chake ngati awina mpikisano. Ndawafunsa kuti mwagula chani agogo, akuti sopo, mchere, kabotolo ka mafuta ophikira ndi makope a adzukulu, basi yathera pompo.

Pulogalamuyi ndiyabwino abale, inayambira ku Mchinji mu 2006 pano ili m'maboma onse 28 ndipo ana amasiye ambiri abwerera nayo kusukulu. Koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zinakwera mopanda chisoni, ndiye boma lizikweza ndalamayi potengera mtengo wa chimanga pamsika osati kudikira zaka. Nanga feteleza anthuwa agula ndi chani mvula ikubwerayi?