Phala la m'mawa linatidyera masiku atatu pa sikani ya chiwindi

Ngati mwapatsidwa kalata yoti mukajambulitse chiwindi kapena kapamba muno mu Harare, imvani ichi ndisanayambe kudandaula: wodwalayo asadye. Kwa maola 6 mpaka 8 asanajambulidwe, pakamwa pasapite phala, buledi, ngakhale tiyi wamkaka. Ife palibe anatiuza.

Abambo anayamba ndi maso. Alamu anga ndiwo anaona tili pakhonde ku Mufakose, nkundinong'oneza kuti, "Kodi maso a bambowa mwawaona bwino?" Anali achikasu ngati dzungu lakupsa. Mkodzo unali ngati tiyi wopanda mkaka, thupi likuyabwa usiku wonse mpaka ankadzikanda ndi chipeso. Eni ake ankangoti ndi malungo. Anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, koma mpaka lero matenda onse kwa iwo ndi malungo basi.

Za kukiliniki sindichedwapo, nonse mumaudziwa mzere wake. Tinatuluka ndi makalata awiri, ina ya magazi, ina ya sikani. Kuyezetsa magazi kunayenda bwino. Anayeza mmene chiwindi chikugwirira ntchito komanso hepatitis B, matenda a chiwindi. Hepatitis sanaipeze, koma bilirubin, chinthu chimene chimapaka maso chikasucho, inali pamwamba kwambiri.

Tsiku la sikani ndinadzuka 4 koloko nkuphika phala lothira nsinjiro, ndi kasupuni ka majarini pamwamba. Kwathu munthu wodwala sayenda ulendo ndi njala. Ndinawakakamiza mpaka anamaliza mbale yonse, ndipo ndinkadziona ngati mwana wabwino. Tinakwera kombi mpaka m'tauni, kenako wapansi pang'onopang'ono chifukwa abambo ankatopa msanga. Pawindo ndinalipira madola 40, mayi wa pawindopo anadinda kalata, nkutiloza pabenchi. Tinakhala pamenepo kuyambira 7 mpaka cha m'ma 11.

Titalowa, mtsikana wojambula anapatsa moni abambo kuti "sekuru", kutanthauza agogo, nkundifunsa m'Chishona ngati adya. Ine ndi mtima wonse ndinati eya, adya bwinobwino. Anangoika pansi kachipangizo kake.

Chimene chimandipweteka si kubwezedwako ayi. Ndi mayi wa pawindo uja. Dzulo lake ndinaimba foni kufunsa mtengo ndi nthawi, anandiyankha ndi iye yemweyo. M'mawa anawerenga kalata, anaona bwinobwino kuti ndi sikani ya m'mimba, analandira ndalama, anaziwerenga kawiri, koma kufunsa kuti agogowa adya kapena ayi kunamukanika. Nditabwerera kukadandaula anandiuza kuti zinalembedwa pakhoma. Zoonadi pepalalo lilipo. Lili mkati mwa chipinda chojambuliramo, kuseri kwa chitseko, pamene umaliona utalowa kale. Ndalama anati sabweza, mawa lake malo adzaza, tibwere mkuja. Ine ndimasoka, ndipo tsiku limenelo ndinali ndi mayunifolomu a sukulu oti ndipereke. Mwini wake anakapereka ntchitoyo kwa wina.

Ndisanaiwale, tengani madola ang'onoang'ono, ndipo akhale osang'ambika. Chiyambire ZiG, ndalama ya Zimbabwe, mu Epulo 2024 mitengo ya m'malo ngati amenewa timauzidwabe m'madola, ndipo chenji ndi nkhondo. Dola 10 yanga ina anaikana chifukwa inali yong'ambika pakona, mwayi ndinali ndi kenakake mu EcoCash, ndalama za pafoni. Kalata ya dokotala ijambuleni pafoni musanaipereke, chifukwa ikalowa pawindo siitulukanso.

Tsiku lachitatu abambo anagona atadya 7 koloko madzulo, m'mawa anangomwa timadzi pang'ono. Njira yonse ankandiyang'ana ngati ndawalanda munda. Amene muli ndi wodwala shuga, funsani dokotala za mankhwala ake musanamugoneke ndi njala, musangotengera ife.

Mtsikana wojambula uja anali munthu. Ataona kuti ndidakali wokwiya, anatembenuza lisiti nkundijambulira ndi cholembera. Chiwindi chili kumanja, pansi pa nthiti, ndipo cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Chimapanga ndulu, ndipo nduluyo imasungidwa m'kathumba komatirira kunsi kwake. Apa ndinamva msanga, chifukwa ndani sanatumbulepo nkhuku? Kathumba kobiriwira kaja timakadula mosamala kuti kasaphulikire pachiwindi, ndi komweko. Munthu akadya, makamaka zamafuta, kathumbako kamafinyika nkuthira ndulu m'matumbo, ndiye pa sikani kamaoneka kofwapa, timiyala ta m'ndulu tikhoza kubisala. Akagona ndi njala kamadzaza, zonse zimaonekera. Nsinjiro zanga ndi majarini zija zinachita ndendende zimene sizinkafunika.

Pa kapamba panali kusamvana pang'ono. Abambo atamva mawuwo anagwira kumanzere, pansi pa nthiti, pamene pamatupa mwana akadwaladwala malungo. M'Chichewa timatchula ziwalo ziwiri ndi dzina limodzi. Amene dokotala analemba pakalata, pancreas, ndi wina. Wagona chopingasa kuseri kwa chifu, kutalika kwake pafupifupi masentimita 15, mutu wake uli kumanja m'khonde la matumbo aang'ono, mchira wake ukuloza kwa kapamba wa malungo uja. Pancreas ameneyu ndiye amapanga insulini, yochepetsa shuga m'magazi, ndi timadzi togaya chakudya. Chimene chinandiopsa nchakuti kanjira ka ndulu kamadutsa pamutu pa kapambayu, nkukumana ndi kanjira kake, ziwirizo nkutsegukira pamodzi m'matumbo. Kamwala kakatsekera pamenepo ndulu imabwerera m'magazi, maso nkuchita chikasu, ndipo kapamba naye akhoza kutupa. Chotupa cha pamutu pa kapamba chimatsekanso njira yomweyo, nchifukwa chake ankafuna kuona ziwalo zonse ziwiri.

Kujambula kwenikweniko sikunakwane mphindi 20. Abambo anagona chagada, malaya atakwezedwa, anapakidwa mafuta ozizira pamimba mpaka anadzidzimuka. "Kokani mpweya, sekuru, gwirani pompo." Akakoka, chiwindi chimatsika pang'ono kuchoka kuseri kwa nthiti. Kenako anawagoneka chammbali. Pagalasi ine ndinkangoona mitambo yotuwa, koma iye anandilozera timadontho towala titatu, tili ndi mthunzi wakuda pansi pake. Timiyala. Kanjira ka ndulu kanali kotakasuka kuposa mmene kamayenera kukhalira. Kapamba anaoneka mbali imodzi yokha, kwinako kunaphimbidwa ndi mpweya wa m'matumbo, ndipo anati nchifukwa chinanso chosadyera: chakudya chimachulukitsa mpweya umenewo.

Zotsatira musachoke osazitenga, ngakhale akuuzeni kuti atumiza. Ife tinadikira ola lina mpaka envulopu inalowa m'chikwama changa. Ndipo mukamaimba foni yofunsa mtengo, funsani nokha za kudya, musadikire kuti akuuzeni.

Dokotala ataona pepalalo anatilembera kwa madokotala a opaleshoni, tikupita Lachiwiri. Potuluka abambo anakana kukwera kombi asanadye. Tinakhala pa kamalo kena pafupi ndi Market Square, iwo akuloza nyama yonona, ine ndikuitanitsa nsima ya masamba. Anadya osandiyankhula.