Dzina lomwe ndinalitola pa raundabauti

Munthu amene sanagwirepo rejisitala ya Sitandade 3 asafulumire kundiweruza. Ine ndine mphunzitsi kuno ku Mangochi, ndipo ntchito yanga ya m'mawa uliwonse ndi kuitana maina. Ndikati "Blessings", manja amakwera ngati ndafunsa ofuna phala. Ndikati "Chisomo", wina amayankhira kutsogolo, wina kumbuyo, wina panja poti wachedwa. A Patuma, a Yusufu ndi a Saidi ndiye osanena, mpaka timachita kuwapatsa zizindikiro: Patuma wamtali, Patuma wakumsika, Patuma wolira.

Zizindikirozi ndimazidziwa kuwawa kwake. Dzina langa ndi Chikondi, ndipo ku Ntcheu komwe ndinakulira tinalipo a Chikondi ambirimbiri, anyamata ndi atsikana omwe. Anzanga anagawana zizindikiro zabwino zonse, ine n'kunditsalira "Chikondi wamakutu". Ndinakwapulidwapo pa asembule chifukwa cha mango omwe anaba Chikondi wina, ndipo aphunzitsi atazindikira anangoti, "Ukam'patsire mnzakoyo." Tsono akazi anga a Mbumba atandiuza kuti ali ndi pakati, ndinalumbira kuti mwana wanga yekha adzakhala ndi dzina loti akaliitana pagulu, wotembenuka akhale mmodzi.

Ndinagula kope la ntchito imeneyi. Maina a makolo ndinayamba ndawataya, chifukwa ambiri anali makalata opita kwa adani. Mwana akamatchedwa Mavuto, Masautso, Ndaziona kapena Nditani, dziwani kuti pamudzipo panali nkhani, ndipo mayi wake akamamuitana kudzadya amakhala akulalatira munthu wa kuseri kwa mpanda. Maina a masiku ano, a Favour, a Praise, a Miracle, ndinawataya poti adzaza kale m'kalasi mwanga. Ndinaganizako za Gabadinho, pokumbukira chigoli chija anawachinya a Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022, koma ndinapeza alamu anga atalilemba kale ndi penti kumbuyo kwa njinga yawo ya kabaza. Mwana wanga sangalimbirane dzina ndi njinga.

Pa Facebook ndinaona anthu akulumikiza maina a bambo ndi mayi n'kupanga dzina latsopano. Ndinayesa: Chikondi ndi Mbumba. Chinatuluka ndi "Chimbu". Akazi anga anayang'ana m'kopemo n'kunena kuti, "Mwatsala pang'ono bambo, malizitsani, kenako tikumbe." Tsamba limenelo ndinaling'amba.

Iwo analibe nazo ntchito zonsezi. Kuyambira mwezi woyamba ankangoti, "Akadzakhala wamkazi ndi Chisomo, akadzakhala wamwamuna ndi Chisomo." Ndikawauza kuti a Chisomo ndili nawo odzaza benchi, ankayankha kuti, "Ndiye kuti ndi dzina labwino. Mudaonapo anthu akukhamukira nsomba yoola?"

Dzina ndinakalipeza pakutha pa mwezi, nditapita ku boma kukatenga malipiro. Amene amaidziwa Mangochi akudziwa raundabauti ija ya pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, pomwe pali nsanja ya wotchi yomwe azungu anamanga mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, tawuniyi ikadali kutchedwa Fort Johnston. Ndadutsapo zaka zonsezi osaimapo. Tsiku limenelo dzuwa linandiimitsa, ndinayamba kuwerenga zolembedwa pamenepo. Pali chikumbutso cha anthu 145 omwe anafa sitima ya Viphya itamira pa nyanja mu 1946. Viphya ndi dzina lomveka bwino, koma simungatche mwana dzina la sitima yomira. Chapafupi pomwepo pali mfuti yaikulu yachitsulo, ndipo mfutiyo inachokera pa sitima yankhondo ya Angerezi yotchedwa Guendolen.

Ndinalitchula chamumtima. Gwendoleni. Ndinalitchulanso mokweza mpaka wa kabaza wina anaima kuganiza kuti ndi malo omwe ndikupita.

Ndinalowa m'nyumba yosungiramo zakale ija ili chapafupi kuti ndimve mbiri yake, ndipo ndinatulukamo dzinalo litandilowa m'magazi. Sitimayi inayamba kuyenda pa nyanja yathuyi mu 1899, ndipo dzina lake linali la mwana wamkazi wa nduna yaikulu ya ku Britain, Lord Salisbury. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, kapitawo wake Rhoades anapita nayo ku Sphinxhaven, komwe lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania, n'kukalasa sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ikukonzedwa. Akuti kapitawo wa Majeremaniyo, yemwe anali mnzake womwa naye mowa, sankadziwa n'komwe kuti kwayamba nkhondo, moti anapalasa kabwato kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera. Tandiuzani, ndi Chisomo uti ali ndi mbiri yotere? Dzina la mwana wa nduna, dzina la sitima yopambana nkhondo, la konkuno kwathu, koma m'rejisitala mulibe ndi mmodzi yemwe. Ndinalisunga mumtima osauza munthu, kuopa akuba maina, chifukwa aliko.

Mwana anabadwa wamkazi. Ine ndinati makolo avomereza.

Anansi athu achisilamu amatcha dzina pa tsiku lachisanu ndi chiwiri, pa akika, shehe ali pomwepo ndipo mbuzi imagwa. Kwa akazi anga amadikira mchombo ugwe, mwana atuluke m'chikuta, ndiye dzina limveke. Poti ndi mwana woyamba, anandipatsa ulemu woti nditche ndine. Ndinavala jekete ngakhale kunali kotentha kwa Okutobala, kuja kwa ku Mangochi koti ngakhale abuluzi amabisala.

Apa ndifotokoze kakhalidwe kake, chifukwa tsoka langa linagona pamenepa. Ine pamudzipo ndine mkamwini, ndipo mkamwini salankhula ndi apongozi ake aakazi maso ndi maso ngati akugulitsana tomato. Apongozi anakhala pamkeka pakhonde ndi amayi anzawo, khanda lili m'manja. Ine anandiikira mpando pansi pa mtengo wa mango, chapatali ndithu, ndi amalume a akazi anga ndi azibambo ena, nkhope nditalozetsa kumbali. Apongozi anga khutu limodzi linapuma kalekale. Ndiye panafunika wonyamula mawu, ndipo ntchitoyo anaipereka kwa kamtsikana ka alamu anga, ka Sitandade 2, komwe mano akutsogolo anali atangoguluka kumene.

Amalume anakonza kukhosi. "Aphunzitsi, anthu akudikira. Mlendoyu timuitana ndani?"

Ndinatsitsa mawu mwaulemu. "Gwendoleni."

"Mwati?"

"Gwendoleni, amalume."

Amalume anayang'ana anzawo, n'kukodola kamtsikana kaja. Anakanong'oneza. Iko kanathamanga mpaka pakhonde, kanagwada bwinobwino, n'kunena ndi mawu onse omwe Mulungu anakapatsa:

"Agogo, akuti Gondolosi!"

Mayi wina anali atayamba kale nthungululu. Inathera pakati.

Kwa amene anakulira kunja, gondolosi ndi muzu uja anyamata amayenda nawo m'madepoti atamanga timitolo, kunong'oneza azibambo pawindo la minibasi. Amatafuna, umayamba kuwawa kenako kutsekemera, ndipo ntchito yomwe amati umagwira si yoti n'kuifotokoza pamaso pa apongozi. Ku Mangochi kuno ngakhale mwana amaudziwa, n'chifukwa chake kamtsikanako katamva mawu achilendo kanangowakankhira ku mawu omwe kankawadziwa.

Apongozi anam'funditsa mwana nsalu kumutu. Kenako anaphwanya mwambo wa zaka zonse n'kundilankhula mwachindunji, maso ali pa ine.

"Akamwini, zomwe munadya kuti mwanayu abwere ndi zanu, ife sitinakufunseni. Tathokoza kuti zinagwira ntchito. Koma mpaka kuzilemba pa mwana?"

Ndinaimirira. Apa mwina munthu wina akanangokhala pansi, koma ine ndine mphunzitsi, ndipo mphunzitsi akaona kuti anthu sanamve amafotokoza.

"Ayi amayi, si zimenezo. Dzinali ndinalipeza ku boma, pa raundabauti paja."

"Ee, amagulitsa pomwepo," anatero bambo wina kumbuyo kwanga.

"Ndikunena za mfuti! Mfuti yamphamvu kwambiri. Inagwira ntchito yaikulu, mpaka azungu anadabwa. Mnzake wa mwini wake anachita kufunsa ngati waledzera."

Alamu anga a kabaza aja anagwa pa benchi. Amayi a pakhonde anabisa nkhope m'zitenje, mapewa okha akugwedezeka. Amalume anandigwira jekete n'kundikokera pansi pang'onopang'ono.

"Tamva aphunzitsi, tamva. Musafotokoze zonse, pali ana."

Ndinayesa kutchula 1914, ndinayesa kutchula Majeremani. Agogo ena aamuna omwe anali chete nthawi yonseyi anagwedeza mutu n'kunena kuti n'zoona, mankhwala akale ndiwo anali enieni, a masiku ano ndi mizu ya chinangwa.

Amene anathetsa msonkhano ndi akazi anga. Anatuluka m'nyumba atanyamula kabuku ka kusikelo, n'kukapereka kwa amalume mogwada. Pachikuto panalembedwa kale ndi bolopeni: Chisomo. Anati fomu ya kaundula wa kubadwa anadzaza ali kuchipatala konko, tsiku lotuluka, poti anamwino anafunsa dzina ndipo iwo sanaone chifukwa chodikirira munthu yemwe anatsala pang'ono kutcha mwana Chimbu. Nthungululu ija inapitirira pomwe inalekera. Apongozi anavina. Ndalama yomwe ndinakonza yotchera dzina anailandira ndithu, osabweza ngakhale kobiri.

Mwana anapulumuka. Akapita naye kusikelo, alangizi a zaumoyo akaitana "Chisomo" amayi angapo amanyamuka nthawi imodzi, n'kuyamba kufunsana kuti wanu ndi Chisomo ndani, mwabereka liti, akuyamwa bwanji, ndipo akazi anga amabwerako ndi anzawo atsopano mwezi uliwonse. Amati dzinalo lawapezera ndi banki m'khonde yomwe.

Koma dzina likatuluka pakamwa silibwerera, limafuna pokhala. Kwathu kuno kholo limaitanidwa ndi dzina la mwana woyamba. Akazi anga ndi amake Chisomo, mudzi wonse umatero. Ine ndinayembekeza kukhala bambo a Chisomo. Sizinatheke. Pofika Lamlungu, kutchalitchi, mkulu wa mpingo polengeza za ubatizo anandiyang'ana n'kuluma mlomo. Pofika Lolemba a kabaza onse a pasiteji anali atamva kwa alamu anga, moti ndikamadutsa ankaimba mabelu: "Tikutengeni bambo a Gondolosi? Kapena muyenda wapansi, mphamvu zilipo?" Kusukulu ndinapeza kamtolo patebulo langa, komangidwa bwino ndi ulusi, pamwamba pa rejisitala. Ndinafunsa kalasi kuti wabweretsa ndani. Anati ndi Blessings. Ndinafunsa kuti Blessings wake uti. Onse anangoyang'ana kudenga.

Anyamata ogulitsa aja ku depoti anayamba kundipatsa ulemu wa mkulu wa bizinesi. Mmodzi anandikokera pambali n'kundidandaulira kuti ngati ndayamba kuoda wambiri ndizimuuza, tisamaphane mitengo.

Kenako kunayamba kubwera alendo a madzulo. Munthu wamkulu ndithu, wa ulemu wake, amafika dzuwa litalowa, n'kuyamba kufunsa za mayeso a mwana wake yemwe sali n'komwe m'kalasi mwanga, kenako n'kutsitsa mawu. Onse ndinkawabweza ndi mbiri ya sitima. Ena ankamvetsera mpaka ku Liuli, n'kufunsa ngati kumeneko ndi komwe ndimakatenga.

Sabata yatha kunabwera msodzi wa ku Malombe, bambo wa imvi zake, atanyamula kajumbo. Tinakhala pakhonde. Ndinamufotokozera zonse mwadongosolo: nsanja ya wotchi, mfuti, kapitawo Rhoades, kamtsikana kopanda mano. Anamvetsera modekha, akuvomera ndi mutu malo onse oyenera. Nditamaliza anati, "Ndamva aphunzitsi. Zinthu zenizeni sagulitsa kwa munthu wongomuona kamodzi. Ndidzabweranso Lachisanu." Anasiya kajumbo kaja pansi pa mpando n'kulowa mumdima ndisanatsegule pakamwa.

M'kajumbomo munali chambo ziwiri zikuluzikulu. Amene amagula nsomba akudziwa kuti chambo cha msinkhu umenewo ku Malombe chinasowa, ndipo pamsika mphunzitsi amangochipatsa moni. Ndinati tim'bwezere mwini wake m'mawa. Akazi anga anati nsomba sidikira m'mawa ndi kutentha kuno, ndipo pomwe ndinkamaliza kutsutsa n'kuti mafuta akulira kale m'chiwaya. Tinadya. Mutu anatumiza kwa apongozi, omwe anabweza uthenga kudzera mwa kamtsikana komwe kaja woti akamwini apitirize, ntchito yawo ikuoneka.

Tikusamba m'manja, akazi anga anatulutsa ndalama kunsonga ya chitenje n'kuiika patebulo.

"Lachinayi mukaweruka mudzere ku depoti," anatero. "Musankhe mizu yonenepa. Chambo cha munthu tadya."