Ulendo wa ku Katete wokavundukula chiliza cha mkulu wathu wa mpingo

Tinanyamuka pa tchalitchi chathu ku Lusaka Lachisanu kusanache, abambo a mpingo pamodzi ndi amayi a kwaya, kupita kumudzi kwa malemu a injiniya kufupi ndi Katete, kumene banja linakonza zovundukula chiliza patatha chaka chimwalirireni iwo. Mpando wa pambali pa dalaivala tinausiyira amayi a kunyumba kwawo, chifukwa ndi pamene amuna awo ankakhala pa maulendo athu onse, bokosi la masipanala lili kumapazi.

Tinadutsa Chongwe ndi Rufunsa tikuimba, koma titayamba kukwera mapiri a Manenekela basi inafuka nthunzi kutsogolo ndipo dalaivala anaima pambali pa msewu. Paipi ya madzi yopita ku radiyeta inali itang'ambika. A mlembi anausa moyo nati, "Abale, a injiniya akanakhala pano," koma mawuwo sanawamalize, ndipo m'basi monse munangoti zii. Amayi ndiwo anayankha modekha kuti, "Bambo, bokosi lawo ndabwera nalo, lili pansi pa mpandowu." Mnyamata wathu woimba ng'oma, amene malemu anamuphunzitsa kukonza jenereta ya tchalitchi Loweruka lililonse, ndiye anatsika nalo. Anatiletsa tonse, ngakhale a tcheyamani amene anali atapinda kale malaya, kutsegula chivundikiro injini isanazizire, ndipo ananena zimenezi atakweza chala monga mmene ankachitira mphunzitsi wake, kotero kuti ena anaseka misozi ili m'maso. Anadula pong'ambikapo, nalumikiza paipiyo, naimanga ndi waya wa m'bokosi momwemo. Madzi amene amayi a kwaya anasungira tiyi ndiwo analowa mu radiyeta, ndipo tiyi wa tsiku limenelo abambo tikadali naye ngongole.

Pa mlatho wa Luangwa tinakhala chete powoloka. Malemu sankalola kuti tidutsepo osayang'ana m'mwamba, ndipo ulendo uliwonse ankatikumbutsa kuti mlathowo unatsegulidwa mu 1968 ndi kuti kulemera kwake kwapachikika pa zingwe zachitsulo zochokera ku nsanja ziwiri zija. Mkangano unabuka pamsika wa pafupi ndi mlatho, pamene a tcheyamani anafuna kuti tigulire banja nsomba zouma ndi ndalama za gulu, koma a msungichuma anakana kwamtuwagalu, ponena kuti komiti inavomereza mafuta ndi chipepeso basi. Ine ndikuona kuti a msungichuma sanalakwe, pakuti malemu omwewo ndi amene anatizoloweza kuti ngwee iliyonse ilembedwe m'buku. Pomaliza aliyense anapisa m'thumba mwake, ndipo fungo la nsombazo linatiperekeza kudutsa Nyimba, Petauke ndi Sinda mpaka tinafika usiku.

Mwambo unachitika Loweruka m'mawa. Abusa anatikumbutsa kuti mpingo wathu wa Reformed Church in Zambia unayambira kum'mawa komweko, ku Magwero, mu 1899, ndipo mwana wamkulu anawerenga mbiri ya bambo ake, kuti anaphunzira uinjiniya pa University of Zambia ndi kugwira ntchito za magetsi mpaka kupuma. Chimene chinatigwira mtima kwambiri chinali umboni wa mwana wa mchimwene wawo, amene analeredwa m'nyumbamo makolo ake atamwalira. Iye anati sanamvepo tsiku ndi limodzi lomwe kuti ndi wobwera, ndiponso kuti pemphero lamadzulo silinkayamba mpaka mwana aliyense atakhala pansi. A mfumu anaonjeza kuti mjigo wa m'mudzimo sunkagona wowonongeka malemu akabwera.

Tikuthokoza banja chifukwa cha nsima, nkhuku ya kumudzi, nkhwani wotendera ndi thobwa limene a mlembi anapempha kachitatu. Tikuthokozanso dalaivala wathu amene anapirira malangizo a abambo onse nthawi imodzi pa Manenekela. Tisanakwere basi Lamulungu titatuluka m'mapemphero, amayi anaitana mnyamata uja namupatsa bokosi la masipanala pamaso pa ana awo, nati, "Mwanangu, tenga, bambo ako sankafuna kuti zichite dzimbiri." Paipi ija inatifikitsa ku Lusaka osadontha, ndipo komiti yavomereza kugula yatsopano pa msonkhano ukubwerawu.