Tsiku limene jenereta ya DC inakana kudzuka

Sabata yathayi ku labu tinalumikiza jenereta ya DC (ya magetsi olowera mbali imodzi yokha) ya mtundu wa shunt, womwe umadzipangira maginito ndi magetsi ake omwe, yozunguzidwa ndi mota. Mota inalira bwinobwino, shafiti ikuzungulira, koma singano ya mita inangogwedezeka pang'ono n'kukhala pafupi ndi ziro. Tinalipo anayi pa benchi imodzi. Wina amvekere mita yafa, wina amvekere mabulashi atha. Aphunzitsi atafika sanagwire chilichonse. Anangoti, "Tazimitsani switchi ya ku field, muyang'ane singano." Titazimitsa switchiyo, yomwe ndi ya mawaya opanga maginito, singano inakwera mpaka pa mavoliti 6. Titayatsanso, inagwa. "Ndiye mwaonapo chiyani, ana inu?" Tonse tinangoti duu.

Funso limenelo ndagona nalo masiku angapo, ndipo landibweza ku chiyambi cha makina onsewa.

Kunja kwa jenereta kuli chigoba chachitsulo chotchedwa yoke. Kale ndinkayesa kuti n'chotchingira fumbi basi, osadziwa kuti ndimo mmene mphamvu ya maginito imadutsa pobwerera. M'kati mwa chigobacho mwamangidwa ma pole, ndipo pa pole iliyonse pakulungidwa waya wa kopa. Amenewa ndiwo ma field winding, omwe amasandutsa chitsulo kukhala maginito magetsi akamadutsamo. Pakati penipeni pali armature, gawo lozungulira lija. Sili chitsulo chimodzi chathunthu ayi. Ndi tizitsulo topyapyala tosanjikizana, chilichonse chopakidwa vanishi, kuti magetsi ongozungulira m'chitsulo momwemo, aja amati ma eddy current, asachuluke n'kutenthetsa makina. M'mphepete mwake muli timipata mmene mumagona makoyilo.

Lamulo loyendetsa zonsezi analipeza Michael Faraday mu 1831: waya ukamadula mizere ya mphamvu ya maginito, mu wayamo mumabadwa mphamvu yokankha magetsi. Izi ndinaziloweza kalekale ku sekondale. Chimene sindinachimvetse mpaka chaka chino n'chakuti waya ukadutsa pansi pa pole ya N magetsi amalowera uku, ukafika pa pole ya S amatembenukira uko. Ndiye kuti m'mimba mwa jenereta ya DC muli magetsi a AC, otembenukatembenuka. Kuwongoka kwake kumachitikira pakhomo potulukira, pa commutator.

Commutator ndi mkombero wa tizigawo ta kopa, tolekanitsidwa ndi mica, mwala wosadutsa magetsi, kuti tisagundane, ndipo kagawo kalikonse n'kolumikizidwa ku makoyilo. Pamwamba pake pamakhala mabulashi a kaboni, opanikizidwa ndi masipuling'i. Mabulashiwo sayenda, chimazungulira ndi commutator. Panthawi yeniyeni imene magetsi a mu koyilo akufuna kutembenuka, kagawo kake kamachoka pansi pa bulashi iyi n'kulowa pansi pa inayo. Choncho bulashi ya + imakhalabe +, ya − imakhalabe −.

Chimene chinandithandiza kuziona m'maganizo ndi mtondo wa kwathu. Amayi ndi azakhali akamasinja limodzi, musi wina umakwera pamene wina ukutsika, koma chimanga chimalandira kugunda kolowera pansi kokhakokha. Akawonjezeka wachitatu, kugundako kumathithikana, mpata wopanda musi umachepa. Ndi mmenenso zilili ndi koyilo imodzi yokha: magetsi ake amatuluka modumphadumpha. Makoyilo ndi tizigawo zikachuluka, amatuluka osalala. Makina a Hippolyte Pixii a mu 1832 ku Paris, omwe anawaika commutator potsatira nzeru ya André-Marie Ampère, ankatulutsa odumphadumpha aja. Zénobe Gramme mu 1871 anaonetsa makina a makoyilo ambiri, amene magetsi ake anali osalala mokwanira kugwira ntchito m'mafakitale.

Ndinenepo apa kuti kadayinamo ka njinga, kaja kamakhuzana ndi tayala, kalibe commutator. Kamatulutsa AC, ngakhale dzina lake limatisokeretsa.

Masamu ake si ovuta ukadziwa chimene chilembo chilichonse chikuimira. E = PΦZN ÷ 60A. E ndi mavoliti amene jenereta ikupanga, P ndi chiwerengero cha ma pole, Φ ndi mphamvu ya maginito pa pole imodzi, Z ndi mawaya onse a mu armature, N ndi maulendo amene imazungulira pa mphindi, A ndi njira zimene magetsi amagawikana. Ndinayesa ndi ma pole 4, Φ ya 0.02 Wb (weber, muyezo wa mphamvu ya maginito), mawaya 500, liwiro la 1500. Makoyilo a armature amatha kukulungidwa mwa mtundu wa lap kapena wa wave. Pa kakulungidwe ka lap, A imafanana ndi P, ndiye yankho ndi mavoliti 250. Pa kakulungidwe ka wave, A ndi 2 nthawi zonse, ndiye makina omwewo amapereka 500. Lap ndi ya karenti (kuchuluka kwa magetsi oyenda mu waya) yambiri, wave ndi ya mavoliti ambiri.

Tsono za ku labu zija. Jenereta ya shunt imadyetsa field yake ndi magetsi amene ikupanga yokha, nzeru imene Werner von Siemens ndi Charles Wheatstone anailengeza mu 1867, aliyense payekha. Nanga imayamba bwanji pomwe magetsiwo palibe? M'chitsulo cha ma pole mumatsalira kamaginito pang'ono kuchokera pamene inagwira ntchito komaliza, ngati khala limene lagona m'phulusa usiku wonse. Kamaginito kameneka ndiko kanatipatsa mavoliti 6 aja. Magetsi ochepawo akalowa mu field amawonjezera maginito, maginito n'kuwonjezera magetsi, mpaka chitsulo chitakhuta, osathanso kulandira ena. Ife tinali titasemphanitsa mawaya awiri a ku field. M'malo mokoleza khala lija, magetsiwo ankalizima, n'chifukwa chake singano inkagwa tikayatsa switchi.

Tinazimitsa mota, n'kusinthanitsa mawayawo. Titalizanso, singano inayamba kukwera mwaulesi, kenako inathamanga mpaka kukaima pa 220. Aphunzitsi anatiuzanso zina ziwiri zolepheretsa jenereta kudzuka: resistance (kukaniza kwa waya kuti magetsi adutse) ya ku field ikapitirira malire ake, kapena kamaginito kotsalira kaja kakatheratu. Kakatha, amagunditsa batire ku field kwa kanthawi kochepa kuti kabwerere.

Mnzanga wina anafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga tikuvutikiranji nazo pomwe ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira konse ndi AC, ngakhale magalimoto anasiya dayinamo n'kutengera alternator, jenereta ya AC?" Iwo anayankha kuti mota ya DC ndi jenereta ya DC ndi makina amodzi, ndipo sitata ya galimoto ili ndi armature, commutator ndi mabulashi omwewa. Ine ndikugwirizana nawo kwathunthu.

Madzulo ake ndinachotsa kamota mu wailesi yakufa ya makaseti ya amalume, n'kulumikiza mita ku timiyendo take tiwiri. Nditapotokola shafiti ndi zala, manambala anaoneka. Nditapotokolera mbali inayo, kutsogolo kwa manambalawo kunabwera kachizindikiro ka −. Amalume anasendera pafupi n'kuti, "Tapotokolanso, mphwanga, ndionetsetse."