Kalulu wa Disney amathamanga bwino, koma ojambula anamulakwira Fulu

Kanema wa katuni wa The Tortoise and the Hare anatuluka mu Januwale 1935, Zomba akadali likulu la Nyasaland. Anapangidwa ndi kampani ya Walt Disney m'gulu la timakanema tatifupi totchedwa Silly Symphonies, woyang'anira ntchitoyo ali Wilfred Jackson, ndipo chaka chomwecho anapata mphoto ya Oscar. Sakwana n'komwe mphindi 10, choncho bando ya pafoni siphwa. Nkhani yake ndi ija ya Aesop, wanthano wakale wa ku Greece: Kalulu, amene muno dzina lake ndi Max Hare, akupikisana liwiro ndi Fulu wotchedwa Toby Tortoise.

Chimene ndimamukondera kanemayu ndi liwiro. Kumbukirani kuti kunalibe kompyuta, chithunzi chilichonse chinkajambulidwa ndi dzanja, ndipo pa sekondi imodzi ya kanema pamadutsa zithunzi 24. Ojambula, makamaka Hamilton Luske amene anagwira ntchito pa Max, anapeza nzeru yosonyezera kuthamanga: thupi la Kalulu limasungunuka n'kusanduka mizere, ndipo mphepo yake imafika mochedwa, mwini wake atapita kalekale. Munaonapo anyamata a nkhuni akutsetsereka panjinga kuchokera ku Chawe, iwe n'kumva mphepo yokha kumaso? Ndi zimenezo.

Pokoma kwambiri ndi pamene Max waima pasukulu ya atsikana kuti adzionetsere. Akuponya muvi, n'kuthamanga kukaima kutsogolo kwake apulo ali pamutu, muvi n'kudzabaya apulo uja. Akuponya mpira, kuumenya yekha, kukauwakhanso yekha. Kenako tenisi, mbali zonse ziwiri yekhayekha. Palibe mawu ambiri, nyimbo ndi mayendedwe ndi zimene zikukamba nkhani. Matama ake onse ali m'thupi: chifuwa patsogolo, kuseka kwachipongwe, kubweza dzanja pamene Toby akufuna kum'patsa moni. Ana a achemwali anga ku Chinamwali sadziwa Chingelezi chambiri, koma apa anaseka mpaka wamng'ono kutsamwa ndi chimanga chokazinga.

Titsikana ta kalulu tija tilibe ntchito ina koma kuseka ndi kuombera m'manja. Zimenezo n'za nthawi yawo, ndingozidutsa.

Dandaulo langa lenileni ndi Fulu. Amupanga chitsiru. Maso atulo, mawu okoka, mfuti yoyambitsira mpikisano ikalira iye n'kubisala m'chigoba. Pakati pa kanema amangosowa, chifukwa ojambula anatengeka ndi Max monga mmene titsikana tija tinatengekera. Pomaliza amapambana potalikitsa khosi pamzere, Max ali pafupi kum'peza. Kanemayu atatha, mwana wamkulu anandifunsa, "Malume, ndiye Fulu wachitapo chiyani?" Ndinasowa chomuyankha, poti sanachitepo kanthu. Waluza ndi Kalulu, Fulu wangotola.

Ife tinakula ndi Fulu wina. Agogo akati "Padangotero," ife "Tili tonse," Fulu amene ankabwerayo anali nkhalamba yochenjera. Ankadziwa kuti miyendo alibe, ndiye usiku ankamema abale ake n'kuwaika m'tchire m'mbali mwa njira, aliyense pamalo pake. Kalulu akathamanga n'kuitana, "Fulu, uli kuti?" mawu ankamveka kutsogolo, "Ndili pano!" Kalulu mpaka kugwa ndi wefuwefu. Kukoma kwake kuli apa: Kalulu ndi amene amapusitsa Njovu, Mkango ndi Fisi m'nthano zathu zonse, ndiye tsiku limene wapusitsidwa ndi kanyama konyozeka, omvera amamva kukoma kawiri. Ndi Fulu yemweyonso amene anam'gwira Kalulu pachitsime chija anakana kukumba nawo. Kalulu wa Disney sachenjera, ndi wothamanga chabe wokonda kutamidwa, ndipo Fulu wake alibe chilichonse m'mutu. Mpikisano wa nzeru palibe.

Wina anganene kuti Aesop ankafuna kuphunzitsa khama, osati ukathyali. Chabwino. Koma khama liyenera kuoneka, tione thukuta, tione phiri limene Toby akulimbana nalo. M'malo mwake tikuona tenisi.

Chodabwitsa n'chakuti amene anabweretsa Fulu wathu pakanema ndi opikisana nawo a Disney. Mu 1941 Tex Avery wa ku Warner Bros. anatulutsa Tortoise Beats Hare, mmene kalulu wawo Bugs Bunny akupikisana ndi fulu wotchedwa Cecil Turtle. Cecil akuimbira foni abale ake ofanana naye ndendende, n'kukaima m'njira monse. Zojambula zake sizisalala ngati za Disney, mitundu yakenso siwala chimodzimodzi, koma Fulu ameneyu agogo akanamuzindikira. A Disney nawo anatulutsa gawo lachiwiri mu 1936, Toby Tortoise Returns, Max ndi Toby akumenyana nkhonya m'bwalo, ndipo Toby akadali wogona yemwe uja.